Momwe mungasankhire makina ogaya nthambi okoka ndi galimoto

Pa ntchito yosadza ndi kugwetsa mitengo m'mipanda ya anthu muno mu Blantyre, chimene chimadya phindu ndi zinyalala. Mtengo umodzi wa mango ukausadza bwino umadzaza lole ndi masamba okhaokha, ndipo mwini nyumba amafuna pabwalo pake payere tsiku lomwelo. Namondwe Freddy atadutsa mu March 2023 ntchito inachuluka, koma ndalama zanga zinkathera kuhayala galimoto. M'pamene ndinayamba kufunafuna makina ogaya nthambi, aja amati chipper, ang'onoang'ono okoka ndi pikiapu.

Choyamba, musatengeke ndi kukula kwa chipika chimene makinawo angameze. Kuno nthambi yonenepa kuposa mkono ndi nkhuni, ili ndi msika wake, palibe amene angaigaye. Inu mukufuna kuthana ndi tinthambi ta mphandamphanda ndi masamba. Makina omeza nthambi yonenepa mpaka mainchesi 6, omwe ndi pafupifupi mamilimita 150, akukwanirani. Chofunika kuyeza ndi kutambalala kwa khosi lake, polowera nthambi kupita ku mipeni. Mwachitsanzo Timberwolf TW 230 ya ku England khosi lake ndi mamilimita 230 m'lifupi ndi 160 m'mwamba, n'chifukwa chake mphanda imalowa osayamba mwaisadzanso ndi chikwanje. Först ndi GreenMech nawonso ali ndi makina a msinkhu womwewu, ndipo ku South Africa kuli Tomcat. Tengani tepi, muyeze nokha.

Chachiwiri, dziwani kuti alipo a mitundu iwiri. Ena nthambi imatsika yokha ndi kulemera kwake mpaka kukakumana ndi mipeni. Amenewa ndi otsika mtengo, ambiri amayendera injini ya petulo ngati Honda GX390 ya mahosipawa 13. Ena ali ndi marola a mano oyendera haidiroliki, omwe amaigwira nthambi n'kuikoka okha, ndipo injini ikayamba kulemedwa marola aja amaima pang'ono kudikira kuti ibwerere m'chimake. Ngati mumagwira ntchito sabata ndi sabata, pitani pa a marola.

Chachitatu, ayeseni ndi nthambi zanu, osati za wogulitsa. Apa ndiye ndinapwetekera. Makina anga oyamba ndinagula kwa bambo wina amene amaitanitsa katundu kunja. Tsiku lokaona ndinapeza atakonzeratu mulu wa mapolo a bulugama, owuma, owongoka ngati mzimbe. Anawaponya limodzilimodzi, makina akumeza mosavuta, tizibenthu tikuuluka. Ndinalipira tsiku lomwelo.

Patapita masiku atatu tinali ku Namiwawa, tikusadza mango ndi mapeyala mvula itangokata. Nthambi yoyamba inakakamira pakhosi chifukwa cha mphanda. Titaidula n'kuyamba kuponya zamasamba, pasanathe mphindi khumi chitoliro chotulutsira chinatsekeka, lamba n'kuyamba kununkha. Tinazimitsa, tinamasula mabawuti, ndipo tinapeza masamba osakanikirana ndi utomoni atagwirana ngati nsima ya dzulo. Tinawakokota ndi kamtengo, kumanganso, kuliza, patangopita kanthawi zomwezo. Tsiku limenelo tinamasula kasanu. Dzuwa likulowa ndinaitanabe lole, anyamata atatopa, mayi a panyumbapo akungotiyang'ana pakhonde. Nditawaimbira bambo aja anangoti makina alibe vuto, ndiziyanika kaye nthambi. Ndani angakuloleni kuyanika mulu wa masamba pakapinga wake kwa sabata ziwiri?

Choncho popita kukayesa, nyamulani katundu wanu: nthambi za mango zodulidwa m'mawa womwewo masamba ali pomwepo, za jakaranda zokhotakhota, ndi mtolo wa bougainvillea ngati mungaupeze. Gayani osaima kwa theka la ola, pakuti vuto silioneka makina akadali ozizira. Yang'anani zimene zikutuluka. Tizibenthu tofanana ndiye kuti mipeni ili bwino, koma zikamatuluka zingwezingwe, mipeni yabuntha kapena yatalikirana ndi chitsulo chosasuntha chimene imadulirapo. Mpata wake umakhala wochepa kwambiri, pafupifupi milimita imodzi, malinga ndi buku la makinawo. Kankhaninso chitsulo choimitsira chimene chazungulira kukamwa, muone ngati marola akuima nthawi yomweyo. Wogulitsa akayamba kudandaula za mafuta, muuzeni kuti muthira anu. Akakanabe, tsanzikani.

Chachinayi, mipeni ndi masipeya. Funsani kuti mipeni ina muzikaipeza kuti, ndipo mugule seti yachiwiri pamodzi ndi makinawo. Ndalama zakunja n'zosowa, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 mitengo ya chilichonse choitanitsa inakwera, ndiye kudikira kampeni kamodzi kungakuimitseni miyezi. Injini ya Honda kapena dizilo ya Kubota amakaniko athu amaidziwa, koma injini yopanda dzina mudzavutika nayo. Mipeni musakanoletse pa girenda ya m'mbali mwa msewu. Chitsulo chikapsa n'kuchita buluu chatha ntchito, komanso mipeni ikasiyana kulemera makina amanjenjemera mpaka kudya mabeyaringi. Pitani nayo kwa onola mipeni ya makina opalira matabwa. Samalaninso ndi misomali ndi mawaya, mitengo yambiri ya m'mipanda muno inamangidwapo chingwe choyanikira zovala.

Chachisanu, kulemera. Ambiri a ku England amawapanga osapitirira makilogalamu 750, ndipo amenewa anthu awiri amawakankha kulowa pageti yopapatiza. Zitunda za ku Nyambadwe ndi Sunnyside zimafuna makina okhala ndi mabuleki akeake. Onani ngati cholumikizira chikugwirizana ndi mpira wa mamilimita 50 wa kumbuyo kwa galimoto yanu, ndiponso ngati matayala ake amapezeka ku Limbe.

Ngati mukuitanitsa kunja, funsani kaye ku MRA za msonkho musanatumize ndalama, ndipo ngati ndi makina ogwirapo kale ntchito mufunse maola amene agwira. Girisi tsiku lililonse. Zoteteza makutu ndi maso musasiye, malaya olendewera ayi, ndipo tinthambi tatifupi muzikankha ndi mtengo, osati ndi dzanja. Tizibenthuto ine ndimatisiya pa mulu kuti tiole, ndipo olima maluwa amabwera kudzatitenga m'matumba.