Kusankha Mfuti Yoyambira Kusaka Nyama Zikuluzikulu

Mlenje wongoyamba kumene amakonda kuthamangira mfuti yamphamvu kwambiri, ndipo vuto limayambira pomwepo. Mfuti ngati .300 Winchester Magnum imabwerera mwamphamvu paphewa. Ikakupwetekani kangapo, thupi limayamba kudzidzimuka musanawombe, chala n'kukoka msanga, chipolopolo n'kukalasa m'mimba. Nyama yolasidwa choncho imathawa kutali n'kukafa mozunzika.

Ngati mukusaka nswala, njiri, nyumbu kapena ngoma m'tchire la ku Limpopo ku South Africa kapena m'madera ololedwa kusaka ku Zambia, yambani ndi .308 Winchester kapena .30-06 Springfield. Zonsezi sizigunda phewa mopitirira, komanso zipolopolo zake sizivuta kupeza. Sankhani chipolopolo cholemera magireni 165 mpaka 180 (gireni ndi muyeso wa kulemera kwa chipolopolo), cha nsonga yofewa yomwe imatambasuka koma osaphwanyika. Chopepuka komanso chothamanga kwambiri chimasweka chikagunda fupa la phewa, osafika kumapapo. Nanga .243? N'njabwino pa nswala, koma pa ntchefu n'njochepa.

Njati ndi nkhani ina. M'mayiko ambiri a mu Africa lamulo limafuna .375 H&H kapena yoposa pamenepo, ndipo imeneyo si nyama yophunzirirapo.

Musanapite kutchire, khalani ndi chilolezo cha mfuti komanso cha nyama imene mukukasakayo. Konzani sikopu (galasi la pamfuti loonera patali polasa) kuti izilozetsa bwino pa mamita 100 ndi zipolopolo zomwezo zimene mukasakire. Yesererani mutatsamiritsa mfuti pa ndodo zowombera, muli chiimire. Polasa, tsatani mwendo wakutsogolo n'kukwera gawo limodzi mwa atatu a chifuwa, pamene pali mtima ndi mapapo.