Mwapeka Nyimbo ya Okestra: Momwe Mungafunsire Ndemanga Zokuthandizani Kuikonza

Mukatumizira munthu nyimbo yanu n'kumufunsa kuti "Mwaimva bwanji?", yankho limakhala lakuti "Ndi yokoma, pitirizani." Pamenepo simunaphunzire kanthu. Kagawidwe ka nyimbo ku zida zoimbira kamawunikidwa ndi maso komanso makutu, ndipo wowunikayo amafunika kudziwa pamene inuyo mukukayikira. Ntchito yaikulu ili musanatumize chilichonse.

Yambani ndi kudula. Musatumize nyimbo yonse ya mphindi 12. Tengani mutu wa nyimboyo wokha, ndiye kuti melodi yake yaikulu, wotalika ma bar (tizigawo ta nyimbo tolekanitsidwa ndi mizere yoimirira) 16 mpaka 32, kuphatikizapo pamene mutuwo ukubwereranso ndi zida zambiri. Konzani zinthu ziwiri: score yonse (manoti a zida zonse pamodzi) ya PDF ndi mawu ake a MP3 oimbidwa ndi kompyuta. Ngati wowunikayo ali ndi pulogalamu yolembera manoti monga MuseScore, Dorico kapena Sibelius, onjezani fayilo ya MusicXML kuti athe kutseka zida zina n'kumvetsera zotsalazo pazokha. MP3 yokha siyokwanira, chifukwa munthu angamve kuti pakati pamveka matope koma sangakuuzeni kuti vuto ndi basuni kapena chelo.

Pa score ikani manambala a ma bar, liwiro lenileni la metronome (kachipangizo koyezera liwiro la nyimbo), ndi zizindikiro za mphamvu ya mawu pa chida chilichonse, osati pamwamba pa tsamba pokha. Pa tsamba loyamba lembani ngati score yanu ili m'mawu enieni omveka kapena yosinthidwa kale molingana ndi zida. Ambiri amaiwala zimenezi, ndipo wowunika amataya nthawi kukonza zolakwika zomwe kulibe. Klarineti ndi lipenga za B♭ zimamveka toni imodzi pansi pa noti yolembedwa. Honi ya F ikawerenga C imatulutsa F wa pansi pake. Besi yaikulu ya zingwe imamveka okitevu yathunthu pansi. Nenaninso kukula kwa gulu lomwe mukuliganizira. Okestra yaikulu imakhala ndi mavayolini oyamba 14 kapena 16, pomwe gulu la ophunzira lingakhale ndi 6 okha, koma malipenga ndi matromboni amafuula chimodzimodzi m'magulu onse awiri. Chomwe chikulingana bwino ku gulu loyamba chimamiza zingwe ku gulu lachiwiri.

Tsopano pa kompyuta tichedwepo, chifukwa zolakwika zambiri za oyamba kumene zimachokera pomwepa. Kompyuta siipuma, siitopa milomo, ndipo imakweza chida chilichonse mpaka chimveke. Chitoliro chikamaimba m'okitevu yake ya pansi, kuyambira C wapakati, mawu ake ndi ofewa kwambiri. Pa kompyuta mudzachimva bwinobwino pamwamba pa matromboni atatu, koma m'holo mudzangoona woimbayo akugwedeza zala. Obo ndi yosiyana: manoti ake a pansi, B♭ mpaka D, ndi okhuthala ndipo savomera kuimbidwa motsitsa, ndiye kulemba pp (motsitsa kwambiri) pamenepo ndi kuzunza munthu. Nanga mpweya? Werengani nokha: pa liwiro la kugunda 60 pa mphindi, ma bar 8 a 4/4 ndi masekondi 32. Woimba chitoliro kapena tuba sangawamalize ndi mpweya umodzi. Ngati mutu wanu ulibe popumira, woimba adzadzipezera yekha malo, kawirikawiri pamene inu simukufuna.

N'chifukwa chake mafunso anu ayenera kuloza malo. Funsani motere: "Pa bar 9 mpaka 16 mutu uli kwa mahoni awiri, kodi ukumveka pamwamba pa zingwe?" Kapena: "Pa bar 24 ndikufuna chimake, koma ndikuona ngati ndinagwiritsa kale zida zonse pa bar 17. Ndichotse chiyani?" Mafunso atatu kapena anayi akwana. Uzaninso wowunikayo zomwe simukufunsa. Ngati melodi ndi ma chord (manoti omveka pamodzi) mwakhutira nazo, nenani, apo ayi theka la ndemanga lidzathera pa nkhani ina.

Anthu owafunsa si amtundu umodzi, ndipo aliyense ali ndi chomwe amaona. Woimba chida ndiye woyamba. Mpatseni gawo lake lokha losindikizidwa, musamuimbire MP3, ingomusiyani aliimbe. Pamene akwinya nkhope kapena kubwereza, ikani chizindikiro. Kwa amene muli ku Malawi kuno, kumene okestra yathunthu siyopezeka wamba, oimba malipenga, matromboni ndi maklarineti mungawapeze m'mabandi a polisi ndi asilikali komanso m'mabandi a malipenga a m'mipingo monga Salvation Army. Afikireni mwaulemu, ndipo musaiwale kuti nthawi yawo ndi ya mtengo. Oimba zingwe ndi ovutirapo kuwapeza, koma kanema kakafupi ka pa WhatsApp kochokera kwa woimba chelo wa ku Johannesburg kapena London kangakuuzeni zokwanira. Mufunseni ngati manoti awiri omwe mwawalemba pamodzi akutheka pa chida chimodzi kapena mulembe divisi kuti gulu ligawane, komanso ngati uta ukukwanira pa mzere wautali womwe mwamangirira manoti.

Wotsogolera gulu kapena mphunzitsi wa nyimbo amaona chithunzi chonse: kulingana kwa mphamvu ndi katalikirana ka manoti. Apa pali zinthu ziwiri zomwe pafupifupi aliyense wodziwa adzakuuzani, choncho zikonzeni asanazione. Choyamba, pansi manoti atalikirane, pamwamba ayandikirane. Mukapanikiza chord yonse pansi pa C wa okitevu imodzi pansi pa C wapakati, mukumva phokoso lolemera lopanda nkhope. Siyani okitevu pakati pa besi ndi chelo, noti yachitatu ya chord ikwere m'mwamba. Chachiwiri ndi muyeso wakale wa Rimsky-Korsakov, wopeka nyimbo wa ku Russia: pa forte (mokweza mawu), lipenga limodzi kapena tromboni imodzi imalingana ndi mahoni awiri, ndipo honi imodzi imalingana ndi zida ziwiri zamphepo monga maklarineti. Poimba motsitsa mawu kusiyanaku kumachepa. Si lamulo la chitsulo, koma limafotokoza chifukwa chake klarineti imodzi yonyamula mutu imasowa malipenga akalowa.

Munthu wamba wosadziwa manoti nayenso ali ndi ntchito, yaing'ono koma yoona. Muimbireni kamodzi kokha, kenako mupempheni ang'ung'udze zomwe wagwira. Akang'ung'udza mzere wa chelo pomwe inu mumafuna amve obo, mwadziwa kuti mutu wabisika.

Ndemanga zikabwera musathamangire kusintha. Zigaweni. Pali zosatheka, monga noti ya pansi pa G wa vayolini kapena ya pansi pa C wa vayola. Izi konzani osatsutsa. Pali zosamveka bwino, zomwe muyenera kuziyesa. Ndipo pali zokonda za munthu, monga "Ine ndikanapatsa klarineti," zomwe mukhoza kuthokoza n'kuzisiya. Anthu awiri osadziwana akaloza bar imodzimodzi, pali vuto ndithu, ngakhale mankhwala omwe akupereka atakhala olakwika. Wina anena kuti onjezani mavayolini pa mutu, koma nthawi zambiri mankhwala ndi kuchotsa: tontholetsani matromboni, tsitsani zoperekeza kuchoka pa mf (mokweza pang'ono) kufika pa p (motsitsa), kapena chotsani zida zomwe zili m'dera limodzi ndi melodi. Oyamba kumene amakonda kuti chida chilichonse chiziimba nthawi zonse, poopa tsamba lopanda manoti, ndipo mapeto ake mtundu wa mawu sumasintha kuyambira bar yoyamba mpaka yomaliza.

Sungani fayilo yakale musanasinthe, ndipo sinthani chinthu chimodzi pa nthawi kuti mudziwe chomwe chathandiza. Pobwerera kwa wowunika, tumizani ma bar osinthidwawo okha, akale ndi atsopano moyandikana.

Mwayi ukapezeka woti gulu liyese nyimbo yanu, ngakhale la anthu 8, nthawi imakhala yochepa, mwina mphindi 15. Magawo onse akhale osindikizidwa m'makiyi oyenera chida chilichonse, manambala a ma bar ofanana, ndipo potembenuza tsamba pagwe pamene woimbayo akupuma. Foni yojambulira ikani kutali ndi gulu, mamita 5 kapena kuposa, osati pafupi ndi malipenga. Asiyeni aimbe kawiri musanalankhule. Pomaliza tolerani mapepala onse, chifukwa oimba amalembapo ndi pensulo pomwe anapumira, pomwe anasintha uta ndi pomwe anasochera.