Katengedwe ka setifiketi ya ukwati ndi zikalata zina ku ofesi ya kaunti ku America

Ku United States kulibe ofesi imodzi yosunga zikalata za maukwati, kubadwa ndi imfa za dziko lonse. Zikalatazi zili m'manja mwa masteti ndi makaunti, ndipo makaunti, omwe ndi zigawo za m'kati mwa steti, alipo oposa 3,000, iliyonse ili ndi fomu yake, mtengo wake ndi malamulo ake. Musanalipire chilichonse, yankhani kaye funso ili: laisensi ya ukwatiwo inatuluka ku kaunti iti?

Apa ndi pomwe ambiri amasochera, chifukwa mapepala alipo awiri. Laisensi ndi chilolezo chimene mumatenga ukwati usanachitike. Ku Texas mumadikira maola 72 musanaigwiritse ntchito ndipo imatha pakapita masiku 90; ku New York mumadikira maola 24 ndipo imatha pa masiku 60. Mwambo ukatha, m'busa, jaji kapena aliyense amene wamangitsa ukwatiwo amasaina n'kubweza laisensiyo ku ofesi imene inaipereka, pasanathe masiku 10 ku California ndi ku Florida, masiku 30 ku Texas. Kalaliki akailowetsa m'kaundula m'pamene pamabadwa setifiketi. Choncho amene anatenga laisensi ku Harris County ku Texas koma ukwati n'kukachitira kugombe la Galveston, lomwe lili m'kaunti ina, zikalata zake zili ku Harris County. Samalaninso ndi mayina ofanana: masteti ambirimbiri ali ndi Washington County kapena Jefferson County, ndiye onetsetsani kuti webusaiti imene mwatsegula ndi ya steti yoyenera.

Dzina la ofesi nalo limasintha. Ku Texas ndi ku Illinois ndi County Clerk. Ku Florida, Maryland ndi Virginia ndi kalaliki wa Circuit Court. Ku Georgia ndi ku Ohio ndi Probate Court, ku North Carolina ndi Register of Deeds, pomwe ku Massachusetts ndi ku Connecticut nkhaniyi ili kwa kalaliki wa tawuni kapena mzinda. Mumzinda wa New York pitani kwa City Clerk. Alabama inasiya kupereka malaisensi mu 2019: kumeneko awiriwo amadzaza fomu, kusaina pamaso pa notary public (munthu wovomerezedwa ndi boma kuchitira umboni kusaina kwa zikalata), n'kukaipereka ku Probate Court pasanathe masiku 30. Ngati simukudziwa poyambira, bungwe la boma loona za umoyo la CDC lili ndi tsamba la pa intaneti lotchedwa Where to Write for Vital Records lomwe limasonyeza ofesi ya steti iliyonse. Kungoti ofesi ya steti si nthawi zonse ingakupatseni chimene mukufuna. Ya ku Texas imangopereka kalata yotsimikizira kuti ukwati unalembedwa, kuyambira chaka cha 1966, ndipo kalatayo sili m'malo mwa setifiketi. Phindu lake n'lakuti imakuuzani kaunti yoti mupiteko ngati munaiwala.

Popempha, nenani momveka kuti mukufuna certified copy. Limeneli ndi kope limene kalaliki wasaina ndi kudinda, nthawi zambiri pa pepala lovuta kulibera, ndipo chidindo chake m'malo ambiri chimamveka mukapititsapo chala. Pepala lokongola la maluwa m'mbali limene munapatsidwa kutchalitchi ndi loika m'felemu basi. Fotokope, ngakhale itadindidwa ndi notary public, a ku Social Security, ofesi ya boma yoona za penshoni, sailandira. Ku California kulinso kope lina lotchedwa informational copy, lomwe aliyense angagule, koma pankhope pake pamalembedwa kuti silingagwiritsidwe ntchito ngati chiphaso. Kumenekonso kuli ukwati wa laisensi yachinsinsi, umene setifiketi yake amangopatsa eni ukwati awiriwo kapena munthu amene ali ndi chilolezo cha khoti.

Pa fomu adzafuna mayina onse a anthu awiriwo monga analili pa tsiku lotenga laisensi, tsiku la ukwati, nambala ya laisensi ngati muli nayo, ubale wanu ndi eni chikalatacho, ndi adiresi yotumizirako. Dzina la mkazi lembani la kwawo, kapena limene ankadziwika nalo asanakwatiwe ulendo umenewo, chifukwa kaundula sadziwa dzina latsopano. Ngati tsiku lenileni simukulikumbukira, perekani zaka zoti afufuzemo, koma dziwani kuti maofesi ena amalipiritsa kufufuzako ndipo ndalamayo sibwezedwa ngakhale asapeze kanthu.

Kupita nokha ndi njira yachangu: mumaonetsa chiphaso chokhala ndi chithunzi chomwe sichinathe ntchito, monga pasipoti kapena laisensi yoyendetsera galimoto, ndipo kawirikawiri mumachoka ndi kope lanu tsiku lomwelo. Imbani kaye foni, maofesi ena amafuna kupangana nthawi. Njira ya positi ndi imene imabwezetsa anthu ambiri. Mu envelopu muikemo fomu yosainidwa, fotokope yooneka bwino ya chiphaso, malipiro ndi envelopu ina yolembedwa kale adiresi yanu yokhala ndi sitampa ngati ofesiyo ikutero. Malipiro akhale money order (pepala lolipirira limene mumagula ku positi kapena ku banki) kapena cheke cha banki ya ku America, cholembedwa dzina la ofesi ndendende monga aliikira pa webusaiti yawo. Ndalama zamapepala musaike. Ku California fomu yopempha kope lovomerezeka pa positi iyenera kukhala ndi lumbiro losainidwa pamaso pa notary public, apo ayi ibwerera. Pa intaneti, maofesi ambiri amagwiritsa ntchito kampani ya VitalChek, yomwe imaonjezera ndalama yake pamwamba. Lowani podina linki ya pa webusaiti ya kaunti yeniyeniyo, chifukwa pali mawebusaiti ena ooneka ngati a boma amene amakulipiritsani pongokudzazirani fomu yomwe ndi yaulere.

Mtengo wa kope limodzi m'malo ambiri umakhala pakati pa $5 ndi $30. Gulani awiri kapena atatu nthawi imodzi. Wosintha dzina amayamba ku Social Security ndi fomu ya SS-5, kenako laisensi ya galimoto, pasipoti, banki ndi inshuwalansi, ndipo ena mwa maofesi amenewa amasunga kope lanu kwa milungu asanalibweze. Potenga chiphaso cha REAL ID, chomwe chinayamba kufunika pokwera ndege za m'dzikomo pa 7 May 2025, amafuna umboni wa kusintha kulikonse kwa dzina. Amene anakwatiwa kawiri angafunike setifiketi zonse ziwiri ndi chigamulo cha chisudzulo chapakati. Ndipo musalimate pulasitiki kope lanu, chifukwa chidindo sichimvekanso ndipo maofesi ena amalikana.

Akakuuzani kuti dzina lanu mulibe m'kaundula, musathamangire kuganiza kuti ukwati kulibe. Kawirikawiri mwalakwitsa kaunti, dzina linalembedwa molakwika, kapena womangitsa ukwati sanabweze laisensi, mwina ikadali m'dirowa ya ofesi ya mpingo. Pemphani kalaliki afufuze ndi dzina la mnzanuyo komanso kalembedwe kena ka dzina lanu. Ngati laisensi sinabwezedwe, mufunefune womangitsayo ndi mboni; maofesi ambiri ali ndi njira yoperekera laisensi yolowa m'malo kapena fomu ya lumbiro, koma pena pamafunika chigamulo cha jaji. Kukonza chilembo cholakwika pa setifiketi kumayenda chimodzimodzi, n'chifukwa chake muziwerenga laisensi chilembo ndi chilembo musanachoke pa kauntala tsiku loitenga. Musafufute kapena kulemba pamwamba ndi cholembera.

Zikalata zina zili ndi makomo ake. Za kubadwa ndi imfa zimapezeka ku ofesi ya vital records (yosunga zikalata zoterezi) ya steti imene zinachitikira, kapena ku ofesi ya zaumoyo ya kaunti, ngakhale ku Texas, Illinois ndi Michigan kalaliki wa kaunti amaperekanso. M'masteti ambiri zimenezi ndi zotetezedwa kwambiri: amapatsa mwini wake, makolo, mkazi kapena mwamuna wake, ana, kapena loya wokhala ndi umboni. Chigamulo cha chisudzulo chili kwa kalaliki wa khoti limene linathetsa ukwatiwo, ndipo nambala ya mlandu imafulumizitsa zinthu. Mwana wa nzika ya America wobadwira kunja alibe chikalata ku kaunti iliyonse. Chake ndi fomu ya FS-240 ya ku State Department, unduna wa zakunja wa dziko la America.

Ngati chikalatacho chikukagwira ntchito kunja kwa America, chidindo cha kalaliki pachokha sichikwanira. Mayiko amene ali m'pangano la ku Hague la 1961 amafuna apostille, chikalata chotsimikizira kuti siginecha ndi chidindo n'zenizeni, yomwe m'masteti ambiri imachokera ku ofesi ya Secretary of State wa steti imene inapereka chikalatacho. Mayiko ambiri omwe sali m'panganoli amafuna chidutsenso ku State Department ndi ku ofesi ya kazembe wawo. Uzani kalaliki pachiyambi pomwe kuti kopelo likupita kunja: mumzinda wa New York amapereka setifiketi yapadera ya ntchito imeneyi, ndipo iyenera kudutsa kaye kwa County Clerk isanapite kokaikidwa apostille. Funsaninso ofesi yolandirayo ngati ikufuna kope latsopano, chifukwa ena salandira limene linadindidwa kalekale.