Kupeza majini a RNA mu genome ya bakiteriya

Genome (DNA yonse ya bakiteriya) ili kale mu fayilo ya FASTA (yosunga zilembo za DNA), nanga majini a RNA muwapeza bwanji?

Yambani ndi pulogalamu ya Barrnap, imatola mwachangu mitundu ya 5S, 16S ndi 23S ya rRNA (RNA ya mu ribosome, chopangira mapuloteni mu selo). Kenako tsegulani tRNAscan-SE kuti mupeze tRNA (RNA yonyamula zipangizo zomangira mapuloteni), osaiwala kuika -B kuti idziwe kuti ndi bakiteriya. ARAGORN nayo musaisiye, imapezanso tmRNA (RNA yomasula ribosome ikakakamira). Zina zotsala, monga ma riboswitch (zigawo za RNA zoyatsa kapena kuzimitsa jini), zisakeni ndi cmscan ya mu pulogalamu ya Infernal pogwiritsa ntchito Rfam, nkhokwe ya mabanja a RNA. Njira iyi imachedwa ndithu, koma imayang'ananso mapindidwe a RNA, osati zilembo zokha.

Chenjerani apa: bakiteriya ya E. coli K-12 ili ndi ma operon (magulu a majini oyandikana) 7 a rRNA, lililonse lili ndi 16S yake. Mukapeza 16S imodzi yokha, kawirikawiri pulogalamu sinalakwe. Ndi assembly (ntchito yolumikiza genome) ya ma read aafupi (tizidutswa ta DNA) yomwe yaphatikiza makope ofananawo kukhala amodzi.