Jakisoni wa pamsana: tiwonjezeremo chani mu bupivacaine?

Anzanga amene mwangoyamba ntchito yogonetsa odwala ku fiyeta, funso ili mumandifunsa pafupipafupi ndiye ndati ndingolemba kamodzi. Heavy bupivacaine 0.5%, mankhwala ochititsa dzanzi amene timabaya pamsana, payekha amagwira bwinobwino, munthu amachita dzanzi kuyambira m'mimba kutsika kwa maola awiri kapena atatu, koma akangotha ululu umabwera wonse nthawi imodzi, komanso pa siza mayi amatha kudandaula akamakoka chiberekero olo dzanzi lafika pabwino. Nchifukwa chake timawonjezeramo kena kake.

Musanatsegule kabati dzifunseni kaye kuti opareshoniyi itenga nthawi yaitali bwanji, ndipo usiku ku wodi amuyang'anira ndani. Kwa ine funso lachiwirili ndiye lalikulu.

Fentanyl, 10 mpaka 25 mcg, amagwira msanga, amachepetsa kumva kukokedwa kuja, ndipo amathandizako kunjenjemera, zomwe kuno ku Dedza mu June ndi kuzizira kwathuku si nkhani yaying'ono, mayi amagwedezeka mpaka BP kukanika kuwerengeka. Vuto lake amatha msanga, maola ochepa basi, ndipo ena amayabwa pamphuno. Pa siza wamba ine ndimasankha ameneyu.

Morphine ndi nkhani ina. Ka 100 mcg kokha, kameneko ndi 0.1 mg, kamasunga munthu opanda ululu maola 12 mpaka 24, mayi amayamwitsa bwino kutembenuka yekha. Koma amachedwa kuyamba, amabweretsa nseru ndi kuyabwa, ndipo choopsa nchakuti amayenda pang'onopang'ono ndi madzi a mumsana kukwera kumutu, moti kupuma kutha kutsika patapita maola ambiri inu mutaweruka kalekale. Ndiye ngati nesi ali yekha ndi wodi yodzadza, palibe owerenga mpweya, naloxone, mankhwala othetsa mphamvu ya morphine, kulibe, morphineyo musiyeni, gadiyani sangadziwe kusiyana kwa tulo ndi kupuma kofooka. Morphineyo akhalenso wopanda preservative, mankhwala oteteza kuti asaonongeke, ndipo posungunula kuchokera pa 10 mg muwerengere awiri, apa anthu amalakwitsa n'kupereka mlingo wochuluka kakhumi.

Clonidine ndi dexmedetomidine amatalikitsa dzanzi lenilenilo, abwino pa opareshoni yaitali ya fupa la mwendo, dexmedetomidine ambiri amaika cha m'ma 5 mcg. Koma onse awiri amatsitsa BP ndi kugunda kwa mtima, ndiye kwa munthu wataya magazi, monga a ngozi za pa M1 aja, ayi ndithu. Atropine ndi ephedrine, zokwezera kugunda kwa mtima ndi BP, zikhale zokoka kale mu sirinji, dripu ikuyenda. Neostigmine amasanzitsa kwambiri, sindimulimbikitsa. Ketamine wa m'botolo timagwiritsa tsiku ndi tsiku uja ali ndi preservative, asalowe pamsana.

Pomaliza chonde werengani ampyulu mokweza, mnzanu aone. Tranexamic acid timakhala naye pafupi chifukwa cha amayi otaya magazi, ndipo ampyulu yake imatha kufanana ndi ya bupivacaine, akalowa pamsana munthu amakomoka kugwedezeka ndipo ambiri amwalira nazo, mpaka WHO inachenjeza za zimenezi mu 2022. Musungeni kutali ndi thireyi ya jakisoni wa pamsana, ndipo chilichonse mwawonjezeramo mulembe pa fayilo dzina, mlingo ndi nthawi, mukamuuzenso nesi wa ku wodi pakamwa.