Kutsata nkhani za ku Chigwa muli ku Joni

Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy akukhuthula mvula kumwera kwa Malawi, ine ndinali m'kachipinda kanga ku Johannesburg, ndikuimbira amayi ku Makhanga koma foni osalowa. Pa gulu lathu la WhatsApp la ana a ku Chigwa panagwa chithunzi cha anthu atakwera padenga, wina n'kulemba kuti ndi kwathu. Tulo sindinatione. Patapita masiku awiri mnyamata wina pagulupo anati chithunzicho adachiona kale nthawi ya madzi a mu Januwale 2015. Madzi analowadi kwathu, sindikukana, koma usiku umenewo ndinalirira chithunzi cha zaka zisanu ndi zitatu zapitazo.

Ndi mmene ndinayambira kugwiritsa ntchito feed reader. Masamba ambiri a nkhani ali ndi kakhomo kakumbuyo kotchedwa feed, ena amati RSS. Nkhani ikangotuluka, mutu wake, tsiku ndi ola zimalembedwa pamenepo. Feed reader ndi pulogalamu ya pafoni yomwe imazungulira timakomo ta masamba omwe mwaiuza, n'kukutengerani zatsopano zokhazokha, ngati mwana amene mwamutuma pa njinga kuti akamve za pa Ngabu, pa Bangula ndi pa Nchalo abwere adzakuuzeni. Si zatsopano ayi. RSS idayamba mu 1999, Facebook isanabadwe n'komwe, ndipo Google itatseka pulogalamu yake ya Google Reader mu 2013 ambiri ankati basi yafa, koma mpaka lero ikugwira ntchito.

Chomwe ndimaikondera n'chakuti palibe amene amakusankhirani choti muone. Nkhani zimabwera motsatana ndi nthawi yomwe zatuluka, iliyonse ndi tsiku lake, kuchokera kumalo omwe mwasankha nokha.

Pa foni ya Android pali Feeder, yaulere, yosafuna ngakhale imelo. Pa iPhone pali NetNewsWire, nayonso yaulere. Feedly ndi Inoreader zimagwira pa mafoni onse awiri koma zimafuna kuti mutsegule akaunti. Ine ndingakuuzeni kuti tsegulani akauntiyo, chifukwa kuno foni sikhalitsa. Yanga yoyamba idapita m'taxi, ndipo nditagula ina ndinangolowa mu akaunti, zonse zinali momwemo. Ngati mwasankha Feeder, mudzisunga mndandanda wanu ku fayilo yotchedwa OPML n'kudzitumizira pa imelo.

Mukaika pulogalamuyo, lembani adiresi ya tsamba la nkhani lomwe mumalikhulupirira, kaya ndi Nation, Times, Nyasa Times kapena Malawi24. Nthawi zambiri imadzipezera yokha feed. Ikakana, onjezerani /feed kumapeto kwa adiresiyo, chifukwa masamba omangidwa ndi WordPress, pulogalamu yopangira masamba a pa intaneti, amasunga feed yawo pamenepo.

Koma mukatenga nyuzipepala yonse mumira ndi ndale za ku Lilongwe ndi mpira wa Bullets ndi Wanderers, nkhani ya ku Nsanje n'kukudutsani. Apa ndiye pofunika kachenjerero. Mu feed reader lembani news.google.com/rss/search?q=Nsanje ndipo izikubweretserani nkhani zotchula Nsanje kuchokera kumasamba osiyanasiyana. Chotsani Nsanje, ikani Chikwawa, mwapanga yachiwiri. Pangani yachitatu ya Chikhwawa, ya h, chifukwa atolankhani amalemba dzinali pawiri. Musayerekeze kulemba Shire yekha. Ndinayesa, ndipo anandidzazira nkhani za makhonsolo a ku England ndi ku Australia. Lembani Shire+Valley+Malawi. Pa masamba a WordPress muthanso kuonjezera /tag/nsanje/feed, ngakhale izi zimadalira ngati mkonzi amaika zizindikiro pa nkhani zake.

Wa ku Chigwa aliyense amadziwa kuti madzi otipweteka sagwa kwathu. Kumatha kukhala dzuwa lowotcha pa Bangula pomwe mvula ikukhuthuka ku Mulanje ndi ku Thyolo, kenako Ruo n'kudzaza, kukakumana ndi Shire pa Chiromo, madzi n'kubwerera m'midzi. Ku Chikwawa mtsinje wa Mwanza umachita chimodzimodzi. Choncho kuyambira Disembala mpaka Epulo ndimatsatanso Mulanje, Thyolo, ndi liwu loti cyclone pamodzi ndi Mozambique. Freddy adayamba wagunda Madagascar mu Febuluwale, n'kulowa Mozambique kawiri asanafike kwathu. Amene ankatsata anali ndi masiku oti atumize ndalama pa Mukuru, abale agule ufa, asamutse mbuzi, netiweki isanagwe komanso ma agent asanathe ndalama. Kumbukirani za namondwe wa Ana mu Januwale 2022, atawononga pa Kapichira magetsi n'kuzima. Foni ikatha moto kumudzi, ndalama yomwe mwatumiza mochedwa imangokhala pa Airtel Money kapena pa Mpamba, munthu osaifikira.

Onjezeraninso tsamba la ReliefWeb, la bungwe la United Nations, lomwe lili ndi gawo la Malawi komanso feed yake. Kumeneko kumatuluka malipoti a DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ndi a mabungwe othandiza pa ngozi. Chingerezi chake n'cholemera, koma nthawi zambiri amatchula maboma, madera a mafumu ndi misasa yomwe anthu athawirako, ndipo n'zimene inu mukufuna kudziwa.

Za data musadandaule kwambiri, popeza feed ndi mawu chabe. Ichongeni kuti izitenga nkhani pa WiFi pokha, kuntchito kapena kunyumba, muziwerenga m'taxi. Gawani nkhanizo m'mafoda. Ine ndili ndi atatu: Madzi, Kwacha ndi Zina. Ya Kwacha ndinaiika ndalama yathu itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, nditaona kuti thumba la chimanga lomwe ndinkawerengera kunyumba silinalinso pa mtengo womwe ndinkaudziwa. Foda ya Zina imatha sabata osatsegulidwa, ndipo sindimva nayo chisoni. Musadzikundikire masamba makumi asanu tsiku loyamba, mudzatopa nazo n'kuisiya.

Pali zomwe feed reader singakupatseni. Facebook ndi WhatsApp zilibe feed, pomwe machenjezo ambiri a zanyengo amafulumira kuikidwa kumeneko, ndiye musatulukemo. Komanso mudzi wanu sulowa m'nyuzipepala msanga. Msewu wa ku East Bank ukaduka, mtolankhani amafika pa boti patapita masiku, ndipo amalemba za dera lonse, osati za khola la amayi anu.

N'chifukwa chake ndinagulira achimwene anga aakulu kasola kotchajira foni, ndipo nyengo ya mvula ndimawaikira mayunitsi. Foda ya Madzi ikangoonetsa kuti ku Mulanje yagwa yambiri, ndimawaimbira ndisanapite kuntchito. "Achimwene, Ruo wafika pati?" Iwo sayankha ndi manambala. Amati madzi akadali kumunsi kwa mtondo wa pa dimba paja, kapena amati afika patsinde. Akati patsinde, ndimawapempha kuti akatenge amayi tsiku lomwelo.