Musanagule felemu yakale ya cat eye, tengani rula

Ngati mwakopeka ndi felemu ya magalasi ya cat eye, ya m'ma 1950 kapena 1960 ija yosongoka m'makona, musadalire chithunzi chokha. Zambiri za nthawi imeneyo n'zazing'ono kuposa za masiku ano.

Tengani magalasi amene amakukhalani bwino, muyeze mkati mwake kuchokera pa hinji ina kukafika inzake, m'mamilimita. Wogulitsa akuyezereni chimodzimodzi, muyerekeze. Muyezo umenewu ndiwo wofunika kwambiri, chifukwa nsonga za cat eye zimatulukira kunja, felemu n'kumaoneka yotakata pomwe mkati mwake imafinya m'mutu.

Kenako onani manambala osindikizidwa pa felemupo, monga 46-20. Yoyambayo ndi m'lifupi mwa galasi limodzi, yachiwiri ndi mpata wa pamphuno. Utali wa mkono wopita kukhutu, zambiri zakale za ku America zimaulemba m'mainchi: 5½ ndi pafupifupi 140 mm. Koma pa mpata wa pamphunopo musanyengerere ngakhale felemu ikongole bwanji. Ya pulasitiki ilibe powongolera. Mpatawo ukakula felemu imangotsetsereka mukawerama, ukachepa imasiya timabala tofiira mbali zonse za mphuno.

Ikakhala m'manja mwanu, inunkhizeni. Fungo la viniga likutanthauza kuti pulasitiki yayamba kufumbwa, ndipo itha kuthyoka poitenthetsa kuti alowetsemo magalasi atsopano.

Ovala magalasi a progressive (oonera patali kumtunda kwake ndi owerengera m'munsi mwake), yezaninso galasi kuchokera pamwamba kufika pansi. Likachepera 28 mm nthawi zambiri powerengera sipakwana.